Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Aphunzitsi ku Namiwawa

 

Aphunzitsi anga, nonse mukumudziwa mwana amene amakhala kumbuyo kwa kalasi ali chete. Mukalemba pa bolodi iye amakopera kwa mnzake. Mukamuitana satembenuka. Kawirikawiri timamutcha waulesi kapena wamwano, chonsecho mwanayo saona bwino kapena khutu lake silimva. Ndabwera kuno ku Namiwawa kudzamulankhulira mwana ameneyo.

Ntchito yophunzitsa ana a ulumali imene mwaiphunzira masiku ano inayamba kalekale. Mu 1950 amishoni anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Kenaka kunadza koleji ya Montfort ku Nguludi, kufupi ndi Limbe pompa, imene mpaka lero ikusula aphunzitsi a ana a ulumali. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anakhamukira m'makalasi, a ulumali ali momwemo. Chitseko tinatsegula, koma kaphunzitsidwe kathu sikanasinthe msanga.

Ndikudziwa kuti ana ndi ambiri m'kalasi ndipo zipangizo n'zochepa. Komabe chida choyamba muli nacho kale: diso lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyang'anitsitseni mwana, mudziwe chimene chikumutchinga.

Wosamva bwino mukhazikeni kutsogolo, ndipo musalankhule mutayang'ana bolodi, pakuti iye amawerenga milomo yanu. Phunziraniko chinenero chamanja, ngakhale moni ndi manambala okha. Mwana wa khungu lachialubino maso ake amavutika ndi kuwala: mumuike pafupi ndi bolodi, kutali ndi windo, mumulembere zilembo zikuluzikulu, chipewa chake musamuvule. Wochedwa kugwira zinthu mugawireni ntchito pang'onopang'ono, mubwereze, mumupatse nthawi yoonjezera, ndipo akakhoza kakang'ono mumuombere m'manja.

Musadikire makina ochokera kunja. Ku koleji munaphunzira TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pakhomo. Zitsekerero za mabotolo n'zowerengera masamu. Chingwe chomatidwa pa katoni chimasanduka mapu amene wosaona angawapapase. Zilembo za Braille, zimene Louis Braille anazikonza akadali mnyamata wosaona ku France, ndi timadontho 6 tokha. Dulani thireyi ya mazira pakhale mabowo 6, ikanimo timiyala, mwana ayambe kuwerenga ndi zala.

Makolo anzanga, kubisa mwana m'nyumba chifukwa cha manyazi n'kumulakwira. Ulumali si ufiti, si tsoka la banja. Ife a mu Blantyre tili ndi mwayi: pa chipatala cha Queen Elizabeth pamayezedwa maso ndi makutu, pa Beit CURE amaongola miyendo ya ana. M'mera mpoyamba, mwana akayezedwa msanga amathandizidwa msanga. Mayeso asakuopseni, chifukwa a bungwe la mayeso la MANEB amakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu ngati sukulu yawadziwitsa nthawi ikadalipo.

Inu ana, mnzanu wa pa njinga mukankheni, wosaona muwerengereni, ndipo mayina onyoza aja athere pano. A komiti ya sukulu ndi amalonda a mu mzinda uno, mutu umodzi susenza denga: tithandizane kumanga potsetsereka pa makomo a makalasi ndi pa zimbudzi.

Aphunzitsi, pempho langa ndi limodzi. Lolemba mukalowa m'kalasi, pitani kumbuyo kuja, mukamutchule dzina mwana wachete uja, mubwere naye kutsogolo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro athu atsekedwa. Mulungu akudalitseni.