Kutsogolera Masewero a Nthano za Patebulo: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Ndapemphedwa kulankhula kwa amene akufuna kuyamba kutsogolera masewero a nthano za patebulo. Otchuka mwa masewerowa ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Wosewera aliyense amakhala munthu mmodzi wa m'nthanomo, pamene mtsogoleri amafotokoza malo, adani ndi zotsatira za zochita zawo. Pakakhala chikayiko ngati chinthu chitheke, amaponya dayisi ya mbali 20. Kumudzi womvera nthano amangoyankha kuti "tili tonse", koma pano womvera ndiye amasankha kolowera.

Mtsogoleri watsopano amathamangira kulemba nthano yonse mpaka mathero ake, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Mukakonza kuti alowere pakhomo, iwo adzakwera padenga. Tsono inu konzani malo, anthu ndi vuto; njira yolithetsera asiyireni eni ake.

Chachiwiri, mkangano wa malamulo ukabuka, gamulani msanga. Buku mudzawerenga masewero akatha. Koma chimene mwagamulira uje, mugamulirenso ujeni, pakuti akaona kuti mukukondera, sabata yamawa mudzakhala nokha patebulopo.

Chachitatu, yang'anani amene wangoti duu, ndipo mumufunse kuti, "Nanga inu muchita chiyani?" Wamanyazi akapanda kufunsidwa, olongolola amamulanda madzulo onse, ndipo sabweranso.

Yambani ndi anthu 3 kapena 4, ndi nthano yotha tsiku limodzi.