Batire Si Jenereta: Kuzimitsa Maseva Mwadongosolo Magetsi Akathima

 Nkhani yathu lero ikukhudza makina amene ambiri a inu simunaŵaonepo, komabe amasunga maina anu, ndalama zanu ndiponso mbiri ya matenda anu. Makinaŵa amatchedwa maseva, ndipo tikambirana zimene ziyenera kuchitika m'chipinda chawo pa mphindi zoŵerengeka magetsi atangothima.

Seva ndi kompyuta yotumikira makompyuta ena. Mukapita kubanki, kalaliki wapazenera sasunga kaundula wanu m'kompyuta yake. Iye amangofunsa seva, sevayo n'kumuyankha. Mukatumiza ndalama kumudzi pa lamya ya m'manja, seva ndiyo imachotsa kwa inu n'kulemba kwa wolandirayo. Chipatala cholemba odwala pa kompyuta, sukulu yosunga malikisi a ophunzira, ndi bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, zonsezi zimadalira seva, ingakhale imodzi yokha yoikidwa pakona m'kachipinda kokhoma.

Za kuthima kwa magetsi palibe amene angatiphunzitse. Magetsi athu ambiri amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Mu Januwale 2022, namondwe wotchedwa Ana anagumula damu la pa Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makina a pamenepo sanayambenso kugwira ntchito mpaka mu 2023. Ngakhale popanda namondwe, mphezi imamenya, mtengo umagwera pa waya, ndipo nthaŵi zina magetsi amachita kugaŵidwa m'madera mosinthana. Chotero aliyense wosunga seva ayenera kukhala atakonzeka kale.

Tiyambe ndi kufunsa kuti, kodi seva ikathima mwadzidzidzi chimawonongeka n'chiyani? Pajatu nyali ikathima timangoyatsanso, palibe chotayika. Taganizirani kalaliki wa pamsika wogula mbewu. Alimi ali pamzere, ndipo iye sangamatsegule kaundula wamkulu pa thumba lililonse. Amayamba walemba pasileti, mzere ukachepa ndi pamene amakopera m'kaundula muja. Seva imachitanso chimodzimodzi. Sileti yake imatchedwa RAM, imene ndi yachangu koma imafufutika magetsi akangochoka. Kaundula wake ndi disiki, imene imasunga zolembedwa ngakhale popanda magetsi. Pa makina ambiri oyendera Linux, zolembedwa zina zimatha kukhala pasileti paja mpaka masekondi 30 zisanakoperedwe. Magetsi akathima pa nthaŵi imeneyo, zimenezo zapita basi, ndipo akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Choopsa kuposa pamenepa ndi cholembedwa chotsala theka, monga ngati kalaliki wachotsa ndalama patsamba la wotumiza koma dzanja lake laima asanalembe patsamba la wolandira. Mapulogalamu opangidwa bwino amasunga kabuku kapadera kolembamo zimene akufuna kuchita asanazichite, kuti akadzuka ayambire pamene analekera. Kabuku kameneka kamapulumutsa zambiri, koma sikapulumutsa zonse, pakuti disiki nayonso ili ndi kasileti kake m'kati. Ndiponso kufufuza kaundula wamkulu kuti aone pamene pasokonekera kumatha maola, anthu ali chiimire pamzere, odwala akudikira pabenchi.

Pofuna kupeŵa zimenezi, pakati pa magetsi a pakhoma ndi seva pamaikidwa bokosi lolemera lotchedwa UPS. M'kati mwake kaŵirikaŵiri mumakhala mabatire a mtovu ndi asidi, a mavoti 12 lililonse, abale ake a batire la galimoto koma omatidwa kuti asatayike. Magetsi akathima, bokosili limalandira katunduyo mwachangu choposa kuphethira kwa diso, kotero kuti seva siidziŵa n'komwe kuti kunja kwada. Limayamba kulira pang'onopang'ono kuchenjeza amene ali pafupi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti mutchere khutu. Ambiri akagula UPS amaganiza kuti agula magetsi oti azigwirira ntchito mpaka a ESCOM adzabwezeretse awo. Batire si jenereta. Ntchito yake ndi kupatsa seva nthaŵi yokopera zapasileti m'kaundula, kutseka mabuku ake, ndi kudzizimitsa yokha mwaulemu. Pamene pali jenereta, batire limangogwirizira pa masekondi amene jeneretayo ikulira ndi kukhazikika. Munthu amene amapitiriza ntchito mpaka batire litatheratu wangochedwetsa ngozi ija ndi mphindi zochepa, pakuti seva idzathimabe mwadzidzidzi monga ngati panalibe UPS.

Tsono nthaŵi imene batire lingapereke ndi yaitali bwanji? Pabokosi pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1500 VA. Nambalayi siinena mphindi ayi, imanena kulemera kwa katundu amene bokosilo lingasenze, ndipo mawati enieni amacheperapo, mwina 900 kapena 1000. Bokosi lotere likasenza katundu wodzaza limatha mphindi zosakwana 10. Mukachepetsa katunduyo ndi theka, nthaŵi imaŵirikiza kaŵiri n'kupitirirapo. N'chifukwa chake ketulo, simbi yositira, ndi pulinta ya laser siziyenera kulumikizidwa ku UPS. Ketulo imodzi yokha imakoka mawati pafupifupi 2000, ndipo tiyi wa mlonda akhoza kugwetsa kaundula wa ofesi yonse.

Zolembedwa m'kabuku ka wogulitsa zisakukhutiritseni. Tengani wotchi, sankhani tsiku lopanda ntchito zambiri monga Loŵeruka masana, ndipo mutakopera kaundula yense pamalo ena, yesani zinthu ziŵiri. Choyamba, batire limakhala mphindi zingati litasenza katundu wake weniweni. Chachiŵiri, maseva onse amatenga mphindi zingati kuti azime mwadongosolo. Tiyerekeze kuti batire lakhala mphindi 20, ndipo kuzimitsa kwatenga mphindi 6. Patulani mphindi 6 zimenezo, patulaninso zina 6 chifukwa batire limakalamba ndiponso tsiku lotanganidwa seva imachedwa kutseka. Zatsala 8. Ndiye kuti magetsi akathima, seva ikhoza kudikira mphindi zosapitirira 8 kuti ione ngati abwerera, pakuti kuthima kwina n'kongophethira chabe. Zikakwana, kuzimitsa kuyambike popanda kukambirana.

Chigamulo chimenechi chisadikire munthu. Magetsi amathima pakati pa usiku, pa tsiku la tchuthi, mwini makiyi ali kumaliro. Chotero UPS iyenera kulankhulana ndi seva kudzera pa waya wa USB kapena pa netiweki, ndipo mu seva muikidwe pulogalamu yomvera uthengawo. Alipo mapulogalamu aulere monga apcupsd ndi Network UPS Tools, ndiponso opanga ma UPS amapereka awoawo, monga PowerChute wa kampani ya APC. Mauthenga ofunika ndi aŵiri. Woyamba umati, tsopano tikuyendera batire. Wachiŵiri umati, batire latsala pang'ono kutha. Wosunga seva wanzeru amauza pulogalamuyo kuti iyambe kuzimitsa mphindi zake zija zikakwana, kapena uthenga wachiŵiri ukafika, chilichonse chimene chingayambe. UPS yopanda waya wolankhulirana ili ngati mlonda wosalankhula: amaona akuba koma sangadzutse mwini nyumba.

Kuzimitsa nakonso kuli ndi ndondomeko yake, monga mmene amatsekera sitolo madzulo. Amayamba atseka chitseko kuti ogula atsopano asaloŵe, amamaliza ndi amene ali m'kati, amaŵerenga ndalama, kenaka ndi pamene amakhoma sefa. Pa maseva, ayambe kutseka ndi mapulogalamu amene antchito ndi makasitomala amagwiritsa. Itsatire database, ndiyo pulogalamu yosunga kaundula. Ngati m'seva imodzi muli maseva ena ongoyerekezera, amenewo azime mayi wawo asanazime. Makina osunga madisiki azime pambuyo pa onse amene amalembamo. Seva imene yagwira waya wa UPS ikhale yotsiriza, itatsimikiza kuti anzake agona.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamaiŵalika. Ngati uthenga wozimitsa umafika kwa maseva ena kudzera pa netiweki, kabokosi kolumikiza makompyuta kotchedwa switch kayenera kukhala pa batire nakonso. Kakathima, mthenga wathyoka mwendo, ndipo maseva enawo adzagwirabe ntchito osadziŵa kanthu mpaka atagwa. Musaganize kuti kuiŵala kotere kumangochitika m'maofesi ang'onoang'ono. Pa 8 Ogasiti 2016, chipangizo cha magetsi chinawonongeka m'nyumba ya makompyuta ya kampani ya ndege ya Delta mumzinda wa Atlanta ku America. Zinadziŵika kuti mwa maseva pafupifupi 7000, okwana ngati 300 sanali olumikizidwa ku magetsi apadera. Maulendo a ndege pafupifupi 2300 analephereka m'masiku atatu, ndipo kampaniyo inati inataya madola 150 miliyoni. Maseva ambiri anali otetezedwa, koma ochepa otsalawo anakokera onse pansi.

Tsopano tinene za kubwera kwa magetsi, pakuti ngozi ina imabisala pamenepo. Magetsi akangobwera amatha kubwera ndi mphamvu yopyola muyeso, kapena kuthimanso patapita mphindi ziŵiri. Batire limene lakhuthuka limafuna maola angapo kuti lidzaze. Mukayatsa maseva nthaŵi yomweyo, magetsi n'kuthimanso, adzagwa opanda choŵagwira, ndipo adzagwa pa nthaŵi yoipitsitsa, ali m'kati motsegula mabuku awo. Ma UPS ambiri amatha kuuzidwa kuti asapereke magetsi mpaka batire litafika pamlingo wokwanira kuzimitsanso kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyatsa, ndondomeko ija itembenuzidwe: netiweki ndi madisiki poyamba, database pambuyo pake, mapulogalamu a anthu potsiriza.

Ku Britain anaphunzira zimenezi moŵaŵa pa 27 Meyi 2017. Magetsi anadulidwa m'nyumba ya makompyuta ya British Airways pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow. Malinga ndi kufotokoza kwa Willie Walsh, amene anali mkulu wa kampani yaikulu yoyang'anira British Airways, chimene chinawononga makina ndi kubwezeretsa magetsiwo mopanda dongosolo. Anthu apaulendo pafupifupi 75,000 anasokonezeka.

Palinso msampha wina woyenera kuudziŵa. Magetsi akhoza kubwera seva ili pakati pozima. Ikamaliza, imagona, ndipo popeza UPS siinathime, palibe chimene chingaidzutse mpaka munthu atabwera kudzadina batani. Mankhwala ake ndi aŵiri. Pulogalamu ija iuze UPS kuti, seva yotsiriza ikazima, idule magetsi ake kwa kanthaŵi ngakhale a pakhoma atabwera. Ndipo seva iliyonse ikonzedwe kuti iziyaka yokha ikangolandiranso magetsi. Zimenezi n'zofunika kwambiri kuzipatala ndi kumaofesi akutali, kumene katswiri wa makompyuta amachokera kuboma kapena kumzinda.

Potsiriza, tisamale batire lenilenilo. Mabatire a mtovu a mu UPS amakhala zaka 3 mpaka 5 m'chipinda chofunda madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wake umatsika ndi theka. Inu a ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Salima ndi ku Karonga, amene mumadziŵa dzuŵa la Okutobala, musayembekezere zaka 5. Kukhuthula batire mpaka pansi kaŵirikaŵiri nakonso kumalikalambitsa msanga, ndipo ichi ndi chifukwa china chozimitsira mofulumira. Nyali yobiriŵira pabokosi isakunyengeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Batire lokalamba limaoneka lodzaza, koma likasenza katundu limagwa m'masekondi. Lembani pabokosipo tsiku limene munaika mabatire, ndipo muziyesa ndi wotchi kaŵiri pa chaka.

Mwina wina akuti, ine ndine mphunzitsi wamkulu, kapena sing'anga woyang'anira chipatala, kapena msungichuma wa bungwe la alimi, za mawaya sindizidziŵa. Simufunika kudziŵa mawaya kuti mufunse mafunso. Maŵa m'maŵa muitane amene amayang'anira makompyuta anu, mumufunse kuti, kodi batire lathu limakhala mphindi zingati, ndipo munaliyesa liti? Kodi magetsi akathima usiku, seva imadzizimitsa yokha? Kodi ndondomeko yozimitsa ndi yoyatsa inalembedwa papepala n'kukhomedwa pachitseko, kuti wina aitsate inu kulibe? Kodi kaundula wathu ali ndi kope lina kunja kwa chipinda chino? Akayankha mokayika, mupatseni tsiku loti muyese limodzi, wotchi ili m'manja. Kaundula amene ali m'makinamo ndi thukuta la anthu ambiri amene anakukhulupirirani.