Bulu: Dzina Lomwe Lidakwera ndi Zambezi



Nyengo yokolola ikafika kuno ku Kasungu, ngolo zimapezana m'tinjira ta m'minda, zina zokokedwa ndi ng'ombe, zina ndi abulu, kututira fodya ku zigafa. Ambiri mwa oyendetsa ngolozo sadziwa kuti dzina la chiwetocho ndi mlendo. Liwu loti bulu lidachokera ku Chipwitikizi, burro, ndipo Apwitikiziwo adalitola ku Chilatini, m'mene burricus ankatanthauza kavalo wamng'ono. Ngakhale katundu wa m'ngolomo ndi mlendo mnzake, pakuti fodya ndi folha, kutanthauza tsamba.

Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo malonda awo ankalowa m'dziko la Amaravi. Mu 1831 Antonio Gamitto adadutsa pakati pa Achewa pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, nakalowa ku likulu la mfumuyo atakwera bulu.

Pa katchulidwe, makolo adali ndi khutu lakuthwa. Mpwitikizi amalemba o kumapeto kwa burro koma amatchula u, ndipo Mchewa adasunga chomwe adamva, osati chomwe chidalembedwa. Chidamukanika ndi rr wokuluwika uja, amene adamufewetsa kukhala l. Malamulo a kalembedwe omwe Chichewa Board idatulutsa mu 1973, patapita zaka zisanu boma la Kamuzu Banda, mwana wa kuno, litakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, amaika r pambuyo pa i kapena e pokha. N'chifukwa chake bulu amalembedwa ndi l, pomwe ngamira, yochokera ku Chiswahili ngamia, imalembedwa ndi r. Liwuli lidalandiridwa mpaka kulowa m'gulu limodzi la maina ndi galu: bulu mmodzi, abulu awiri.

Abale a Chitumbuka kumpoto kwa bomali amati mbunda, liwu lofanana ndi punda wa Chiswahili, umboni wakuti chiweto chimodzi chidadziwika kudzera m'njira ziwiri zamalonda.

Lero achinyamata ena ayamba kunena kuti donki. Kubwereka si mlandu, poti kavalo ndi hatchi, wina wa Chipwitikizi wina wa Chingerezi, akhalira limodzi m'Chichewa popanda mkangano. Chodetsa nkhawa n'chakuti donki akufuna kuthamangitsa bulu, limodzi mwa mawu omwe akukumbutsa kuti Achewa ankachita malonda ndi a ku Zambezi Mngerezi asanaponde dziko lino.