MANYAZI ANAPHA LAMBE: MAU KWA ANCHITO A PA LUNDAZI

 Nkhani yanga lero ndi ya mantha amene atigwira pakamwa pa msonkhano.

M'caka ca 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko, zochedwa CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Zopempha za anthu ziyambira m'misonkhano ya m'mawadi: mjigo ukumbidwe kuti, kalasi limangidwe pa sukulu iti. Koma wapampando akafunsa kuti, "Ndani ali ndi mau?" ambiri a ife tiwerama, ndipo tikatuluka tidandaula m'njira. Madandaulo a m'njira mlembi sawalemba m'buku.

Mantha amenewa agwira ngakhale amuna olimba. Pamene ndinali kalaliki ku migodi ndinaona anthu otsika pansi pa nthaka masiku onse, koma poimirira pa msonkhano maondo ali njenjenje. Mfumu George VI ya ku Britain inali yacibwibwi. Mu 1926 inapita kwa Lionel Logue kukaphunzira kupuma bwino ndi kuchula mau pang'onopang'ono, ndipo mu 1939, tsiku loyamba nkhondo, inalankhula pa wailesi kwa anthu ace onse.

Inu mudziwa kale kulankhula. Ndani apereka mau pa maliro? Ndani aimira mbale wace pa bwalo la Mfumu Mwase kapena la Mfumu Kapichila? Ankhoswe ndani? Si inu nomwe? Kumeneko simucita mantha cifukwa nkhaniyo muidziwa bwino. Citani comweco pa msonkhano.

Coyamba, bwerani ndi nkhani imodzi yokha, ndipo muwerengeretu: nyumba zingati zitunga pa citsime cimodzi, ulendo wace ngwa mphindi zingati.

Caciwiri, madzulo ace nenani mauwo mokweza kunyumba, akumveni a m'banja mwanu.

Cacitatu, mukaimirira pumani kawiri, lonjerani wapampando, yang'anani munthu mmodzi womdziwa, ndipo lankhulani ngati muuza iyeyo.

Cacinai, lankhulani Citumbuka kapena Cinyanja. Cizungu cikakubvutani cisiyeni. Cofunika ndi cakuti anthu amve.

Mukatha, khalani pansi. Mau anu akanjenjemera musadandaule, pakuti mlembi alemba zimene mwanena, osati kunjenjemerako. Pa msonkhano ukubwerawu wadi iri yonse iturutse munthu mmodzi amene sanalankhulepo ndi kale lonse.