Magetsi Alibe Nkhokwe

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, katswiri wa zamagetsi, adayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza kuti amene sadabwere amveko.)



Komiti idandipempha kuti ndifotokoze za magetsi, popeza bungwe lathu likufuna kuthandiza sukulu yathuyi kuti ana asamasowe kuwala pa nthawi yowerenga madzulo. Ena mukuti tigule jenereta, ena mukuti tigule sola. Tisanakangane, ndi bwino tidziwe kumene magetsi amachokera, amene amawagulitsa, ndi chifukwa chake amazima.

Chinthu choyamba chofunika kuchimvetsa ndi ichi. Chimanga mukakolola mumaika m'nkhokwe, n'kumatapa pang'onopang'ono mpaka chaka chithe. Magetsi satero. Mphamvu imene ikuyatsa babu la m'holo muno yapangidwa nthawi yomwe ino, mwina ku Nkula kapena ku Tedzani. Mabatire alipo, koma amasunga pang'ono poyerekeza ndi zimene dziko lonse limafuna. Tsono opanga magetsi ayenera kupanga ofanana ndi amene anthu akugwiritsa ntchito, usana ndi usiku. Madzulo amayi akayatsa mbaula zamagetsi ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi nthawi imodzi, makina a mumtsinje wa Shire amalemedwa ngati ng'ombe zokoka ngolo pa chitunda, ndipo liwiro lake limayamba kutsika. Magetsi athu amayenera kugunda ka 50 pa sekondi iliyonse. Akatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha podziteteza, dziko lonse n'kukhala mumdima. Pofuna kupewa zimenezi, oyang'anira amazimitsa dala dera lina kuti madera ena atsale. Kuzima kwa magetsi kosinthanasinthana kuja gwero lake n'limeneli. Si kuti wina ali ndi chidani ndi dera lanu, ngakhale ndikudziwa kuti ena pano simundikhulupirira.

Pali miyeso iwiri imene anthu amaisokoneza. Megawati ndi kukula kwa mphamvu pa nthawi imodzi. Mbaula yamagetsi ya mbale imodzi imadya mawati pafupifupi 1,000, ndiye kuti megawati imodzi ingayatse mbaula zotere 1,000. Koma yuniti imene mumagula ndi ndalama ija ndi mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi: babu la mawati 100 likayaka maola 10, yuniti imodzi yatha. Aphunzitsi a sayansi ali apowa adatiphunzitsa zimenezi, kungoti ena tinkasinza.

Tsono tibwere ku Shire. Nkula A idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Kenaka kudabwera Tedzani kuyambira 1973, Nkula B kuyambira 1980, ndi Kapichira m'chaka cha 2000. Zonsezi zili pa mtsinje umodzi, motsatana, kotero kuti madzi amene azungulitsa makina ku Nkula ndi omwewo amakazungulitsa ku Tedzani, n'kutsikira ku Kapichira. Kumpoto kuli Wovwe ku Karonga, koma ndi yaing'ono, siifika megawati 5. Nzeru yomanga motsatana ndi yabwino pa ndalama, koma vuto likagwa pa Shire limagwera onse. Namasupuni ndi zinyalala zikatseka polowera madzi, makina amaima. Dothi lokokoloka kumapiri kumene tidadula mitengo limadzaza m'madamu. Nyanja ikatsika, monga idachitira mu 2016 ndi 2017 mvula itavuta, madzi otuluka amachepa, ndipo ambiri mukukumbukira kuti nthawi imeneyo magetsi ankatha tsiku lathunthu osayaka. Akuluakulu a mbiri amatiuza kuti kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 Shire adaleka kutuluka m'nyanja. Nkhani imeneyi imatisowetsa tulo ife a ntchito imeneyi, chifukwa chimene chidachitikapo chikhoza kuchitikanso.

N'chifukwa chake zitseko za madzi za pa Liwonde, zotchedwa Kamuzu Barrage, zimene zidamangidwa mu 1965, zili zofunika kwambiri. Zimasunga madzi m'nyanja nthawi ya dzinja kuti atuluke bwino m'chilimwe. Mukafuna nkhokwe ya magetsi m'dziko muno, ndi nyanjayo. Koma nazonso zili ndi mkangano wake. Mu 2024 nyanja itadzaza, eni malo ogona alendo ku Mangochi ankalira kuti zitseko zitsekulidwe, pamene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ankaopa kusefukira kwa madzi. Munthu wogwira zitsekozo sangakondweretse onse.

Madzi ochuluka nawonso amaononga. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya megawati pafupifupi 130 usiku umodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ochokera m'madzi. Makinawo adayambanso mu 2023.

Nanga amagulitsa ndani? Ambirife tidakula tikudziwa ESCOM yokha: yopanga ndi yomweyo, yonyamula ndi yomweyo, yotumiza bilu ndi yomweyo. Kuyambira mu Januwale 2017 ntchitoyi idagawidwa. Kupanga magetsi kudapita ku kampani yatsopano ya boma, EGENCO. ESCOM idatsala ndi mawaya akuluakulu onyamula magetsi mtunda wautali, mawaya aang'ono ofika m'nyumba, ndi kugulitsa kwa ife. Ndiye kuti ESCOM ili ngati wamalonda wopikula: imagula mayuniti kwa opanga n'kutigulitsa. Cholinga chinali chakuti makampani ena amene si a boma alowe nawo. Ndipo adalowadi. JCM idatsekula munda wa sola wa megawati 60 ku Salima mu 2021, ndi wina wa megawati 20 ku Golomoti mu 2022, umene uli ndi mabatire ake.

Koma msika umenewu suli ngati wa ku Limbe kumene mungasiye wogulitsa uyu n'kupita kwa winayo. Wogula wamkulu ndi mmodzi, ndipo inu kunyumba kwanu waya ndi umodzi. Palibe amene angaimike mapolo ake pambali pa a ESCOM kuti apikisane nayo. Ndalama zake zingachuluke mopanda nzeru. Popeza palibe mpikisano, mtengo amauvomereza ndi a MERA, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004. ESCOM imapereka ziwerengero za ndalama zimene imaononga, anthu amaitanidwa kudzanena maganizo awo, kenaka MERA imagamula.

Pamenepa ndi pamene pali mfundo yovuta. Kampani yomanga munda wa sola imakongola ndalama kunja, ndipo imafuna pangano la zaka zambiri, nthawi zambiri 20, lonena kuti magetsi ake adzagulidwa pa mtengo wakutiwakuti. Kawirikawiri mtengowo umawerengedwa m'madola. Thiransifoma, mawaya ndi mamita nazo zimagulidwa kunja. Koma inu ndi ine timalipira m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole zonsezo zidakula tsiku limodzi, popanda babu limodzi loonjezera kuyaka. Mtengo ukakwera timadandaula, ndipo tili ndi chifukwa. Ukapanda kukwera, ESCOM imalephera kulipira opanga, opanga amalephera kukonza makina, mdima n'kubwerera. Maganizo anga ndi akuti mtengo wotsika wa magetsi osayaka ndiwo wodula kuposa yonse, chifukwa mwini chigayo amakagula dizilo. Dziko lidaziona zimenezi pamene lidabwereka majenereta a Aggreko kuyambira 2018 mpaka 2022. Komanso tisaiwale kuti pa kalembera wa 2018, mabanja ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Otsalawo nkhani ya mtengo siinkawakhudza n'komwe. Iwo ankafuna waya ufike.

Msika weniweni wa mpikisano uli pakati pa maiko. Southern African Power Pool idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo likulu lake lili ku Harare. Kumeneko makampani a magetsi amanena lero kuti mawa ora lakuti ndili ndi megawati zakuti zogulitsa, kapena ndikufuna zakuti, ndipo mtengo umapezeka pamene ogula ndi ogulitsa akumana. Usiku pakati mtengo umatsika, madzulo umakwera. Kwa zaka zambiri Malawi adali membala wopanda waya wamkulu womulumikiza ndi anzake, pamene Cahora Bassa, ya megawati zoposa 2,000, ili pafupi pomwepa ku Tete ndipo magetsi ake ambiri amapita ku South Africa. Waya wa makilomita 218 wochoka ku Matambo kufika ku Phombeya ku Balaka adaukonza kuti athetse zimenezi. Koma magetsi ogula kunja amalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi a ku Kariba, Zambia ndi Zimbabwe nawo adali pa mzere wa ogula.

Tsono za sukulu yathu. Jenereta ndi yotsika mtengo pogula, koma imamwa dizilo tsiku lililonse, ndipo sindikuona amene adzalipire dizilo ameneyo m'chaka chachitatu, chidwi chathu chitazirala. Sola ndi yodula poyamba, ndipo popeza ana amawerenga dzuwa litalowa, ndalama zambiri zidzapita ku mabatire, amenenso amatha pakapita zaka. Ine ndikupempha komiti kuti isanafunse mitengo kwa ogulitsa, ipite ndi ahedi m'makalasi, iwerenge mababu ndi mawati ake, ichulukitse ndi maola owerengera, ipeze mayuniti a usiku umodzi. Khitchini ndi pampu ya madzi zisiyidwe kaye pa magetsi a ESCOM. Chiwerengerocho akatibweretsera pa msonkhano wa komiti wotsatira, ndidzabwera ndi pensulo yanga.