MPHAMVU YA MLIMI POKAMBIRANA MTENGO WA MBEWU

Mutu wa phunziro lathu ndi funso limene ambiri timadzifunsa chaka ndi chaka: n'chifukwa chiyani wolima ndi ife, koma wonena mtengo ndi wina?

Tiyambe ndi mbiri. Bungwe la ADMARC linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kwa zaka zambiri mlimi wamng'ono analibe kwina kwenikweni kogulitsa mbewu zake. Mu 1987 boma linalola anthu wamba kuti azigulanso mbewu kwa alimi. Kuyambira pamenepo mtengo unasanduka nkhani yokambirana pakati pa mlimi ndi venda. Unduna wa zamalimidwe umalengezabe mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma tonse tikudziwa kuti pa sikelo ya m'mudzi mitengo imeneyi kawirikawiri siitsatidwa.

Nzeru ya pa bawo

Akatswiri a masamu ali ndi phunziro limene pa Chingerezi amalitcha game theory. Musaope dzinalo. Aliyense wodziwa bawo akulidziwa kale: usanatape nkhomo umayamba waganiza zimene mnzako achite iwe ukatha kusewera. Mmodzi mwa akatswiriwa, John Nash wa ku America, analemba za kukambirana mtengo mu 1950, ndipo mu 1994 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri.

Tiyerekeze motere. Venda akudziwa kuti thumba la mtedza akagula pa K60,000 apezabe kaphindu atachotsa ndalama ya galimoto. Inu simungalole kuligulitsa pochepera K30,000. Mtengo uliwonse wa pakati pamenepa ukhoza kutheka, ndipo K30,000 yapakatiyo ndi imene mukulimbirana. Atenge yambiri ndani? Nash anasonyeza kuti yankho limadalira kwambiri funso ili: malonda akalephereka, aliyense wa inu atsala ndi chiyani? Amene angathe kunyamuka n'kupita osavutika ndiye mwini mphamvu. Choncho mtengo umakhala utapangidwa kale musanafike pa sikelo, ndipo umapangidwa ndi zinthu zinayi.

1. Kukhala ndi kwina kopita

Venda mukamukana, amapita khomo lina. Nanga inu mukakana venda, mupita kuti? Ngati mwasenza thumba ulendo wa maola awiri ndipo wogula ndi mmodzi yekha, iye akudziwa kuti simubwerera nalo. Musananyamule katundu, pezani ogula awiri kapena atatu. Ngakhale simugulitsa kwa wachiwiriyo, kungokhalapo kwake kumakweza mtengo wa woyamba.

2. Kutha kudikira

Mu 1982 katswiri wina, Ariel Rubinstein wa ku Israel, anasonyeza ndi masamu kuti anthu awiri akamanenerera mtengo, wodekha ndiye amatenga gawo lalikulu. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimanga chimatsika mtengo m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni pamene aliyense akugulitsa, ndipo chimakwera mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zauma. Mabanja ambiri amagulitsa motchipa nthawi yokolola, n'kudzagulanso chimanga chomwecho modula nthawi ya njala.

Sindikunena kuti amatero chifukwa chopusa, ayi. Fizi ya mwana siidikira, matenda sadikira, wakatapila sadikira. Koma kudekha kumakonzedwa. Banki m'khonde ikhoza kukubwerekani ya fizi kuti musataye mbewu. Kuumitsa bwino chimanga ndi kuchisunga m'matumba osalowa mpweya, monga a PICS, kumachiteteza kwa anankafumbwe. Pomaliza, musauze wogula mavuto anu. Mukanena kuti mwana ali m'chipatala, mwamuuza kuti simungakane.

3. Kudziwa

Venda amadziwa mtengo wa ku Lilongwe ndi wa ku Limbe wa tsiku lomwelo. Mlimi wosadziwa amakambirana mumdima. Mverani wailesi, funsani alangizi, imbirani foni m'bale wanu wa m'tauni. Werengeraninso zimene mwalowetsa m'munda: mbewu, feteleza, aganyu, matumba, osaiwala thukuta lanu. Mukatero mudziwa mtengo umene simuyenera kutsika kuupitirira. Yezani katundu kunyumba musanapite. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo muli ndi ufulu wofunsa chizindikiro chake. Ndowa yophwanyidwa pansi kuti ilowe zambiri ikaneni.

4. Kugwirizana

Mlimi wa matumba 3 akakana, venda saluza kanthu. Alimi 40 a matumba 200 akakana pamodzi, galimoto yake ibwerera yopanda kanthu, ndipo tsopano wofulumira ndi iyeyo. Gulu likhozanso kuchita hayala galimoto n'kukafika kwa ogula akuluakulu. Izi si maloto. Bungwe la NASFAM, limene linakhazikitsidwa mu 1997, linamangidwa pa makalabu a alimi ang'onoang'ono, ndipo alimi a mtedza a ku Mchinji, kudzera m'bungwe lawo la MASFA, anafika potumiza mtedza wawo ku Britain.

Chimene chimapha magulu

Apa tiunikepo bwino, chifukwa makalabu ambiri amafera pomwepa. Gulu lapangana kuti lisagulitse mpaka Ogasiti. Madzulo venda afika kwa mmodzi nati: "Inu nokha ndikuwonjezerani pang'ono, ndalama pompano." Munthu uja aganiza: anzanga akadikira, matumba anga ochepawa saononga kanthu, anzanga akagulitsa mobisa, ndibwino ndiyambe ndine. Kwa iye yekha maganizowa akuoneka anzeru. Koma aliyense akaganiza chimodzimodzi, matumba 200 aja amatha usiku, ndipo onse amalandira mtengo wotsika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Akatswiri aja anapeza kuti msampha umenewu umachepa mphamvu pamene anthu akudziwa kuti adzakumananso chaka chamawa, ndipo wophwanya pangano adzadziwika n'kutaya kanthu. Choncho gulu lichite izi: lilembe malamulo ake ndi chilango cha wogulitsa kumbali, mbewu zisungidwe pamodzi, zolembedwa m'buku limene aliyense angaone, pakhale thumba lothandiza membala amene wagwa m'mavuto, kuti asakakamizike kugulitsa, ndipo atsogoleri azipereka lipoti la ndalama poyera.

Mawu kwa ogula

Ena mwa ife muno ndi mavenda, ndipo ntchito yanu ndi yofunika. Koma musanene kuti "anavomera yekha". Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum yonena za antchito, anaphunzitsa kuti pangano limene munthu walivomera chifukwa cha kusowa kapena mantha silisanduka lachilungamo pongoti walivomera. Ngakhale pa nzeru ya malonda, wogula wa sikelo yoona alimi amamusungira katundu chaka chamawa, pamene wakuba amadya kamodzi.

Tikabwerera kumiphakati yathu, tikakambirane mafunso awa:

1. Chaka chatha tinagulitsa mbewu mwezi uti, ndipo chinatifulumizitsa n'chiyani?
2. Kudera kwathu kuno ogula alipo angati, ndipo wina tingamupeze bwanji?
3. Ngati kalabu yathu inatha, inatha chifukwa chiyani, ndipo ndi lamulo liti likadaipulumutsa?

Mayankho anu muwalembe, ndipo mubwere nawo pa msonkhano wotsatira tisanayambe kukolola.