Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Ogwira Ntchito Zachipatala ku Mulanje

 

Pa nkhani yomvera kafukufuku, Malawi alibe chochita nacho manyazi. Mu 1993, zitadziwika kuti chloroquine wasiya kugwira ntchito pochiza malungo, tinali oyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar naye atafooka, mu 2007 tinatenga LA. Mu 2011 tinayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, osadikira zotsatira za CD4, ndipo maiko ena anatengera kwa ife.

Komatu zonsezo zimagamulidwa ku Capital Hill. Ine nkhawa yanga ili pa OPD Lolemba m'mawa, mzere utafika panja. Mayi wa ku esiteti ya tiyi wabereka mwana, thupi lili moto. Malangizo amati bayani chala, yezani kaye. Kachida koyezera malungo kaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti si malungo. Mayi uja akuti, "Adokotala, mwanayu ndimamudziwa ine, ndi malungo, ingondipatsani LA." Kumbuyoku anthu akung'ung'udza. Tinene zoona, ambiri amangolemba LA m'kabuku kuti mzere uyende. Mwina mwanayo ali ndi chibayo, koma palibe amene wakweza malaya ake n'kuwerenga mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu. Akabweranso Lachinayi akubanika, timati mayi anachedwa.

Chimodzimodzi ku wodi ya ana. Kafukufuku wamkulu amene anachitika m'maiko 9 a mu Africa, wofalitsidwa mu 2010, anaonetsa kuti artesunate wobaya amapulumutsa ana ambiri odwala malungo aakulu kuposa kwinini. Mankhwalawo tinawalandira. Koma mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana. Nanga sikelo ikugwira ntchito, kapena tikungoyeza ndi maso?

Choncho pempho langa ndi lakuti musathere masiku anowa kumvetsera nkhani zathu ife akuluakulu, timalankhula kwambiri. Tsegulani makaundula. Tengani mwezi umodzi wa dzinja, muwerenge: mwa ana amene analandira LA, ndi angati anayezedwa kaye? Mwa amene sanapezeke ndi malungo, ndi angati anapatsidwabe? Pitani pa zenera la mankhwala mukamve ngati mayi akuuzidwa kuti akamwetsenso pakatha maola 8, amalize masiku atatu onse, ndiponso kuti LA amafuna chakudya chamafuta kapena mkaka.

Mukapeza zolakwika, musathamangire kuloza chala namwino. Nthawi zina zida zoyezera zinatha, nthawi zina munthu mmodzi akuona odwala a anthu atatu, ndipo madera ena misewu ndi milatho zinawonongeka ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Lembani zimenezonso, popanda kukometsa, kuti a khonsolo ndi a unduna aziwerenge.

Mafumu athu, mbali yanu ndi iyi: auzeni anthu kuti dokotala akakana kupereka LA si nkhanza, ndipo asapite kukagula kugolosale.

Ndi mawu amenewa, ndatsegulira msonkhano uno.